Limbani Anandiitana pa Sitima

Dzulo masana ndinangoti nditsamireko pang'ono, koma zomwe ndinaona kutulo zandisowetsa mtendere.

Ndinalota ndili pa siteshoni, masiku aja amuna ankapita kumigodi ku Joni. Limbani, mnzanga amene tinkatola naye masuku tili ana, anaima pakhomo la sitima atavala jekete la ukwati, koma mapazi ali mbuu, opanda nsapato. Utsi wa malasha unkandiwawa m'maso.

"Esinati, kwera!" anakuwa. "Ndakusungira malo!"

Ndinati ndithamange, ndinangoona ndasenza mtondo wa amayi anga. Poti ndiutule, unakanirira pamutu. Sitima inanyamuka mwakachetechete. Limbani anandiponyera kalata, koma nditaiwakha inasanduka madzi ofunda n'kutsika m'zala zanga.

Kaya amadzanditenga, kaya amadzandidandaula, sindikudziwa. Atandifunsira kalelo, ndinamuuza kuti adikire amayi achire kaye. Amayi anadwala zaka zambiri, iye n'kukwatira wina, ine n'kukalamba osakwatiwa.

Tinamuika m'manda chaka chatha. Pamaliro ake ndinakhala kuseri ndikutsuka mbale, poti malo olira mokweza anali a mkazi wake.