Msasa wa Mapaipi ndi Mpesa wa Malemu

Amuna anga a Mendl anamwalira chaka chatha nyengo yozizira, akumanga zingwe za nsapato, madzi a mate, tiyi wathu wa kuno, ali pamoto. Sanatsanzike. Zaka makumi anayi ndi chimodzi ndinawaphikira, ndipo mpaka lero ndidakawakwiyirabe, chifukwa munthu sachoka choncho.

Chaka chilichonse pa Sukoti, chikondwerero chathu cha misasa, iwo ankamanga msasa kuseri kwa nyumba yathu ku Villa Muñoz, muno mu Montevideo. Matabwa olemera, misomali, thukuta ndi kukalipa. Ine malo anga anali kukhitchini. Ndikangosuzumira pakhomo ankati, “Perla, kaone kabichi akupserera.” Ndiye banja lonse linkadyera mumsasamo sabata yathunthu.

Atamwalira ndinakatsegula kachipinda ka matabwa aja, n’kupeza chiswe chinayamba kale chikondwerero chake. Chaka chimenecho ndinakadyera kwa asewere anga a Raquel, amayi ake a mkamwini wanga Efraim, padenga la nyumba yawo yosanja ku Pocitos. Anandikhazika pafupi ndi khomo, podutsira mphepo ndi mbale zakuda. Aliyense wodutsa ankandisisita paphewa ngati mphaka wodwala. Msuzi unalibe mchere.

Chaka chino, kutangocha pambuyo pa kusala kwa Kipur, mwana wanga Noemí anaimba foni. Anati ndisadzivutitse, a Raquel andisungiranso mpando, ndipo ndiponso lamulo la msasa silikakamiza akazi. Kwathu kuno chinthu chikachitika kawiri chasanduka mwambo, ndipo mwambo suchoka ngakhale ndi sopo. Akadya kwa a Raquel kachiwiri, ndiye kuti Sukoti yasamuka m’nyumba mwanga mpaka ndidzafe.

Ndinamuuza kuti msasa uima kuseri kuno monga kale. Anaseka, n’kupatsa foni mwamuna wake. Efraim uyu ndinamudziwa akadali Fabián, akudya chilichonse chogwa m’mbale. Ndevu ndi malamulo zinamumera atakwanitsa zaka makumi atatu. Koma ndi munthu wachilungamo, zimenezo sindingamunamizire. Anati adzabwera kudzauona madzulo a tsiku loyamba dzuwa lisanalowe. Ukakhala wovomerezeka, onse adya kwanga. Ukapanda kutero, ndikwere galimoto mosanyinyirika. Ndinavomera. Anatsala masiku anayi.

Matabwa sindikanawatha, msana wanga ndimaudziwa. Koma mwezi wapitawo ndinaona wokonza mipope akusintha paipi ya pansi pa sinki, yoyera, yapulasitiki, yopepuka ngati bango, akungoilowetsa m’chigongono chake n’kugwira. Ndine wosoka ine, ndapinda miyendo ya mathalauza a theka la mzinda uno. Ndinatenga tepi yanga n’kuyeza bwalo monga ndimayezera munthu wonenepa, kusiyako malo opumira. Kenako ndinapita kusitolo ya a Heber pakona.

A Heber anawerenga kapepala kanga kawiri, n’kundifunsa kuti pakudontha pati kuti ndifune mapaipi ochuluka chonchi. Ndinati palibe pakudontha, ndikumanga nyumba.

“Nyumba ya mapaipi, mayi Perla? Mukhalamo ndinu kapena madzi?”

“Inu gulitsani. Wokhalamo ndimusankha ndekha.”

Anaseka mpaka kutsokomola, koma anandithandiza. Anandisankhira zigongono za pakamwa patatu za m’makona, anandibwereka sowo, ndipo anandichenjeza kuti ndisapake guluu ngati ndikufuna kudzaphwasula. Anati ndiboole polumikiza paliponse n’kulowetsa waya. Anatumiza katunduyo pa ngolo masana omwewo.

Tsiku loyamba ndinadula mapaipi onse. Fumbi loyera linandilowa m’tsitsi ndi m’mphuno. Poboola ndinkatenthetsa msomali pa chitofu n’kuulasa m’pulasitikimo, fungo lake moti mayi wa khomo loyandikana anakuwa kuti kodi ndikuwotcha nsapato. Tsiku lachiwiri chinthucho chinaima. Ndinachikankha ndi chala chimodzi, chinadzandira ngati chidakwa chochokera kumpira. Ndinachitukwana, kenako ndinawonjeza mapaipi opingasa m’chiuno mwake, miyendo n’kuiika m’ndowa za mchenga. Chinaima nji. Ndinakhala pansi n’kumwa mate ndikuchiyang’ana, ndipo ndinadzipeza ndikuimba. Ndinali ndisanaimbepo chiikire maliro.

Makoma ndinasoka ndi makatani akale a pabalaza. Ndinawakoka zolimba pamwamba ndi pansi, chifukwa chinthu chimodzi chomwe ndinkachimva ndili kukhitchini ndi a Mendl akukuwa kuti khoma lisamavine ndi mphepo. Pamwamba ndinayala timatabwa topyapyala kuti denga likhalepo.

Denga ndiye linandivuta. Nthambi za kanjedza anthu amaitanitsiratu kusunagoge mwezi usanathe, ndipo amene ankaitanitsa zathu ali kumanda. Palibe anandikumbutsa. Nditapita ndinauzidwa kuti zatha. Ndinabwerera n’kuima pabwalo manja ali m’chiuno, ndipo maso anga anagwera pa mpesa.

Mpesa umenewo anaubzala a Mendl chaka chimene tinalowa m’nyumbayi. Zaka ziwiri wosadulira unali utayanga pa mawaya onse, nthambi zazitali ngati zingwe, masamba atsopano obiriwira bwino. Lamulo ndinkalidziwa: denga la msasa likhale la zomera m’nthaka, osati nsalu, osati chitsulo. Nanga mpesa sumera m’nthaka? Ndinakwera makwerero, n’kumasula nthambizo pa mawaya, n’kuzikokera pamwamba pa msasa wanga imodzi imodzi. Nditatha ndinalowa mkati. Mthunzi wozizira, kuwala kukudontha pang’onopang’ono pakati pa masamba. Msasa wa a Mendl sunakongolepo choncho. Ndinawauza zimenezo mokweza.

Tsiku la chikondwerero ndinaphika kuyambira m’mawa: msuzi wa nkhuku, kabichi wokulungamo nyama, buledi wozungulira wodyera uchi. Cha m’ma folo koloko galimoto inaima pakhomo. Munatsika Noemí, Efraim, ndi a Raquel amene, atavala diresi yatsopano. Anati angobwera kudzaona, tebulo lawo aliyala kale, ndipo mpando wanga ulipo.

Efraim anayamba ntchito yake. Anagwedeza mapaipi, sanasunthe. Anakankha makatani, sanavine. Anayeza kutalika ndi dzanja. Anafunsa amene anandimangira, ndipo nditamuuza anachotsa magalasi n’kuwapukuta. A Raquel anafunsa ngati msasa womanga mkazi ndi wololedwa. Iye anati ndi wololedwa kwathunthu. Ndinawayang’ana asewere anga mpaka anayamba kufunafuna kanthu m’chikwama.

Kenako Efraim anayang’ana kumwamba. Anatsatira nthambi imodzi ndi maso, kuchoka padenga, kudutsa pa waya, kutsika mpaka pa tsinde la mpesa pakona ya bwalo. Anatembenukira kwa ine.

“Amayi, nthambi izi zikadali pa mtengo wake.”

“Eya. N’chifukwa chake sizifota.”

Anafotokoza mofatsa, ngati akuuza wodwala za matenda ake. Denga liyenera kukhala la zomera m’nthaka, zoona, koma zodulidwa kale. Chomwe chikadali cholumikizika ku mizu sichiwerengedwa. Msasa wonse unali bwino, koma denga linaupha.

Zaka makumi anayi ndi chimodzi. Mawu amodzi okha akanandiuza a Mendl, m’malo monditumiza kwa kabichi. A Raquel anandigwira paphewa, pomwe paja, n’kunena kuti ndayesetsa ndithu, tinyamule miphika yanga tikadyere kwawo. Noemí anali atayamba kale kulowera kukhitchini.

Ndinafunsa Efraim ngati palibe chochita. Anayang’ana mkazi wake, n’kuyang’ana pansi. Anati chilipo koma sangachinene.

“Akamwini, ndevu zonsezo n’kumaopa nkhalamba? Nenani.”

Anati nthambizo zikadulidwa ku mtengo, denga likhoza kukhala. Noemí anatembenuka msanga. Anati ayi, umenewo ndi mpesa wa atate, ndi chokhacho chamoyo chimene anatisiyira, amayi sangapirire kuuona ukudulidwa. A Raquel anavomereza, akupukusa mutu mwachisoni.

Ndinawayang’ana onse atatu. Kenako ndinalowa m’nyumba n’kutuluka ndi sizasi yodulira nkhuku ndi sowo ya a Heber.

Mpesa umenewo sunaberekepo mphesa yotsekemera ngakhale imodzi. Zowawasa zokhazokha, zoti mbalame zikalawa zimakalavulira pa zovala zanga zochapa. Nyengo yoyoyoka masamba wosesa ndinali ine. Mavu ankamanga mmenemo, wolumidwa ndinali ine. Chaka chilichonse ndinkapempha a Mendl kuti audulire ndithu, iwo n’kungotsina kansonga kamodzi n’kumausisita tsinde. Ndinawauza malemuwo zonsezi ndili pamwamba pa makwerero, Efraim atagwira miyendo ya makwererowo, nkhope ili gwa ngati wagwira bomba.

Khaa, nthambi yoyamba. Khaa, yachiwiri. Tsinde sindinalikhudze, ndilibe misala. Koma nthambi iliyonse yolowera padenga langa ndinaidula, ndipo sindibisa, mtima unkachita kuyera. Podulapo panayamba kutuluka madzi, dontho ndi dontho, monga umachitira mpesa ukadulidwa nyengo yophukira. Noemí anati, “Amayi, taonani, ukulira.”

“Ulire. Ine ndinalira kale.”

Anandiyang’ana pakamwa pali yasa, kenako anaphulika kuseka, misozi ili m’masaya. Anati atate akanakomoka. Ndinati akanakomoka akanandipatsa mpata womaliza ntchito.

Nditatsika ndinapukuta manja n’kunena kuti tsopano tiyale tebulo. Efraim anatsokomola. Anati patsala kanthu kamodzi. Nthambizo zinaikidwa padenga zili zosaloledwa, ndiye kudula kokha sikukwanira. Iliyonse iyenera kunyamulidwa m’mwamba n’kuikidwanso, kuti denga likhale loikidwa ndi manja zitadulidwa kale.

“Iliyonse?”

“Iliyonse, amayi.”

Ndinayang’ana dzuwa. Linali litafika pa denga la anansi. Likalowa, ntchito yonse imaima, ndipo makandulo ayenera kukhala atayaka kale. Nthambi zinalipo zoposa makumi asanu ndi limodzi, zolukanalukana chifukwa ndinaziluka bwino, monga ndimachitira chilichonse.

Efraim anavula jekete n’kukwera makwerero. Noemí anakwera pampando. Ine ndinatenga mtengo wa tsache n’kumatukula kuchokera pansi. Ankanyamula, kuika, kuwerenga mokweza, masamba akutigwera m’maso. Titafika pa khumi ndi zisanu ndinaona kuti sitimaliza. Ndinacheukira a Raquel, ataima pakhomo chikwama chili pamimba. Ndi aatali asewere anga, ndipo kutalika kwawo sikunathandizepo munthu.

“Asewere, mwabwera kudzaona. Pamwamba apa m’pamene pakuoneka bwino.”

Anati diresi ndi yatsopano. Ndinati ikang’ambika wosoka ali pompano. Anavula nsapato zawo zazitali n’kukwera pa bokosi. Ndipo ndinene zoona, anagwira ntchito kuposa tonse. Ankanyamula ndi manja awiri, akukalipira mwana wawo kuti akuchedwa, kuti anali wozengereza kuyambira tsiku lobadwa, anawasunga m’chipatala masiku awiri. Efraim anataya chiwerengero kawiri. Noemí anaseka mpaka mpando unagwedera, ine n’kumugwira ndi tsache. Madzi a mpesa anadonthera a Raquel patsitsi lawo lokonzedwa kusaluni, iwo osasamala, akungokuwa manambala.

Nthambi yomaliza inanyamuka n’kukhala pansi dzuwa litatsala kachidutswa. Efraim anatsika, analowa mkati, anayang’ana kumwamba mbali zonse. Anati mthunzi ukuposa kuwala, ndipo thambo likuoneka. Anavala jekete yake.

“Ndi wovomerezeka, amayi.”

Ndinathamangira makandulo. Noemí anaimbira msanga adzukulu anga awiri, amene ankadikira kunyumba kwawo misewu itatu kuchoka pano, kuti abwere kwa agogo a Perla. A Raquel anatsuka manja pampope wa panja n’kufunsa kumene ndimasunga mbale za alendo. Ndinawalozera. Tinayatsa makandulo limodzi, iwo ali chosavala nsapato.

Efraim atabwerako kopemphera tinakhala pansi tonse asanu ndi mmodzi. Anadalitsa vinyo, anadalitsa kukhala mumsasa, tinayankha amen. Ine ndinakhala kumutu kwa tebulo. Masamba ankanunkhira, makatani anali phee ngakhale kamphepo ka kumtsinje kanayamba. Adzukulu ankagogoda mapaipi ndi masipuni kuti amve kulira kwake, ndipo sindinawaletse. A Raquel anadya kabichi katatu, n’kunena kuti chakudya chawo chimene chatsala ku Pocitos sichingatayidwe. Ndinati achibweretse mawa, tichikonza.

Potuluka Efraim anaima pakhomo la msasa, akusisita chigongono cha paipi ndi chala. Anafunsa kuti chakudya cha masana mawa chikhala nthawi yanji.

“Wani koloko. Mubwere ndi mipando iwiri, yangayi yatopa.”