Banzi la Kanyerere

"Mayi, mwanayu wadya chiyani?"

Nesi anafunsa uku akusasa nyenyeswa pa diresi la Kanyerere.

"Sanadye, anesi. Wangolawa kambali ka banzi. Amalira ndi njala."

"Kulawa n'kudya komwe! Sitinakuuzeni kuti asaike kanthu m'kamwa? Tikamugonetsa ndi mankhwala, n'kusanza ali mtulo, atsamwa. Chifundo chinapha nkhwali, mayi. Lero sitimugonetsa."

Amake Kanyerere anakhala pabenchi la pakhonde la chipatala. Mwana wawoyo, wazaka zisanu, anali ndi chotupa pa nthiti, kunsi kwa mkhwapa. Chinayamba ngati kanjere, koma tsopano chinali ngati dzira, cholimba gwa. Madokotala ankabwera kudzachigwira mosinthana, amvekere n'chosowa kwambiri mwa ana. Ekisire inangoonetsa mthunzi. Pankafunika makina aakulu, olowetsamo munthu yense, kuti aone ngati chafika ku mapapo. Dokotala wa opaleshoni ya ana anali mlendo, wonyamuka kumapeto kwa sabata, ndipo ananenetsa kuti popanda chithunzi sagwira mpeni.

Ndiye zonsezi zife chifukwa cha banzi? Ha!

Bambo a Kanyerere, ometa tsitsi, anangoyang'ana pansi. Bola akanakalipa.

Wojambula ndi makinawo anatuluka m'chipinda chake, namva nkhaniyo, n'kukanda m'mutu. "Madzi akatayika saoleka. Yatsala njira imodzi, alowe ali maso. Koma akangogwedezeka, chithunzi chimatuluka ngati utsi, ndipo mzerewu mukuuona. Sindingabwereze."

"Ameneyu?" nesi anaseka mopanda chimwemwe. "Dzina lokhalo likunena."

Zoonadi, Kanyerere anali atakwera kale pabenchi, akuwerenga mabatani a malaya a agogo ena osawadziwa.

"Palibe pamene amakhazikika?" anafunsa wojambula.

"Pampando wometera wa bambo ake pokha," amake anayankha. "Amaopa kudulidwa khutu."

Wojambula anayang'ana bamboyo. "Bwerani. Koma makinawa ndi maginito, amakoka chitsulo chilichonse. Khuthulani matumba."

Munatuluka makiyi, foni, ndi kasizasi komwe sankasiyana nako ngakhale pa maliro. Anavulanso lamba, n'kulowa atagwira buluku ndi dzanja limodzi. Tsiku lina amake akanaseka mpaka misozi.

Iwo anatsala kuseri kwa galasi. Anaona mwana wawo atagonekedwa chagada pa kabedi kopapatiza, m'makutu atamutseka, kabediko kakulowa pang'onopang'ono m'mphako yoyera. Bambo ake anazungulira kumutu, n'kuika chikhatho pa liwombo lake monga amachitira kuntchito.

"Akasitomala, tayamba," mawu awo anamveka pa sipika. "Mukagwedezeka, khutu lapita. Ine sindilipira."

Makina anayamba kulira. Gu-gu-gu-gu! Ngati munthu akukhoma malata. Amake anaona tizala ta kumapazi tikupindika, ndipo anadziluma mlomo. Mantha anawagwira zenizeni. Mulungu wanga, ndine ndalakwa, musalange mwana.

"Makina anga atsopano amenewa," bamboyo anapitiriza mokweza. "Ometera mabwana okhaokha."

"Pumira m'kati, ugwire mpweya," anatero wojambula.

"Mwamva, akasitomala? Tsitsi lingalowe m'mphuno."

Kachifuwa kaja kanakwera, n'kuima. Amake nawonso anagwira mpweya. Phazi limodzi linanjenjemera, wojambula anati "Aaa," dzanja lili m'mwamba. Kenako analitsitsa. Anabwereza kugwira mpweya kangapo, ndipo nthawi inatalika ngati ulaliki wa tsiku la njala.

Phokoso litaleka, wojambula anaitana dokotala pa foni.

Dokotala anabwera, nayang'anitsitsa kompyuta, akusuntha zithunzi chimodzichimodzi. Amake anasuzumira. Nthiti zinali ndandanda, zooneka bwino, ndipo pakati pake panali chinthu chotuwa, chachikulu kuposa dzira lomwe ankaligwira kunja.

"Chakula cha m'kati," anatero dokotala. "Chagwira nthiti ziwiri. Koma taonani kamzere aka. Mapapo chawakankha chabe, sichinawalowe. Ndingathe kuchichotsa, ndipo tikachipima tidziwa mtundu wake. Mawa m'mawa alowa. Adye tsopano, koma akadya chamadzulo, basi. Mwamva, mayi?"

"Ndamva, adokotala."

Kanyerere anatuluka akudzigwira m'mutu. "Ababa ndi abodza! Tsitsi lilipobe. Amama, banzi langa lija?"

Amake anapisa m'chikwama, nam'patsa lotsalalo. Anamuyang'ana akudya, masaya ali tutumu. Kenako anatenga chikwama chonse cha zakudya, ndi botolo la tiyi lomwe, n'kuchiika m'manja mwa amuna awo.

"Bambo a Kanyerere, ichi musunge ndinu. Mawa akalira, ngakhale nditakupemphani chogwada, musandipatse."