Phale Lotsukidwa ndi Mswachi

"Mwalitsuka?"

"Ndangochotsa matope, Thyra. Tsitsa mawu, anzako akudya."

Ankandiyankha choncho ndi a Ebbe, mkulu wa gulu lathu lokumba zakale kuno ku Jutland, chigawo cha dziko lathu, amenenso amayang'anira digiri yanga. Dzanja lina buledi wakuda wopaka chiwindi, dzanja lina mswachi. Phale langa linali pathaulo, likunyezimira ngati mbale ya alendo.

Funso limene landimeretsa imvi ndisanakwatiwe ndi lalifupi. Opanga mikanda a pamsika wakale umene tikukumbawu, zaka zoposa chikwi zapitazo, kodi ankangosungunula magalasi osweka a Aroma, monga amanenera mabuku onse, la a Ebbe lomwe? Kapena wina anayesa kuphika galasi lakelake ndi mchenga ndi phulusa? Dzulo lake ndinali nditafukula phale la kamphika ka m'ng'anjo. Mkati mwake munali nkhoko zoyera, zokhakhala, ngati mchenga umene unayamba kusungunuka n'kulekera panjira. Wosungunula zosweka alibe nawo ntchito mchenga. Akulabu akanangoyeza nkhokozo, tikanadziwa.

"Wanyuzipepala akubwera masana," anatero a Ebbe. "Sangajambule chibuma. Ndipo mapale timatsuka, unaphunzira chaka choyamba."

"Tinaphunziranso kuti la m'ng'anjo silikhudza madzi. Munatiphunzitsa ndinu, mpaka munamenya tebulo."

"Unali mchere wa m'nthaka basi. Ndaona zotere zambiri, mwana iwe."

"Ndiye mwayeza ndi mswachi. Labu titseke, tizigula mankhwala otsukira mano."

Wina anaseka, n'kubisa nkhope m'kapu ya khofi.

Ndinaganiza msanga: zimene zapalidwa sizithawa, zimadikha pansi pa madzi.

"Beseni lili kuti?"

Analoza kuseri kwa tenti ndi buledi wawo. Ndinalipeza lovundikira. Madzi anawakhuthulira pamulu wa dothi limene takhala tikutaya chiyambire kukumba, ndipo dothi la kuno ndi mchenga wokhawokha. Ndimakonda ndagi, koma ya kufuna mchenga mumchenga inandigonjetsa. Ndinagwadabe n'kukokolola ponyowapo ndi manja, ndikudziwa kuti palibe labu imene ingalandire zotere.

A Ebbe anabwera n'kuima kumbuyo kwanga, akutafunabe.

"Lemba za mikanda yabuluu," anatero mofatsa. "Ilipo yambiri, sivuta. Digiri upeza, ndikusainira ndekha."

Ndinadzuka, mchenga uli m'zikhadabo. Galimoto ya wanyuzipepala inali ikukhota pageti, ndipo a Ebbe anali atayamba kale kukonza kolala.

"A Ebbe, musanaviike mswachi uja, munadziwa chimene chinali mkatimo?"