Mlamu Anandiperekeza Kukasankha Mfuti

"Kwezaninso dzanjalo, alamu. Tsinzinani diso limodzi ngati mmene mumachitira kukalabu kwanu kuja," anatero Malumbo atandilozetsa foni yake.

Ndinakweza. M'dzanja langa munali pisitolo ya mpweya yopangidwa ku Germany, ndipo inzake ya ku Austria inali itagona pa kansalu kobiriwira pa kauntala. Munthu wosadziwa akanati ndi mapasa. Zonse zinali zakuda, zotalika mofanana, iliyonse ili ndi kabotolo kake ka mpweya kunsi. Koma ya ku Germany inali yolemererako, ndi chogwirira cha mtengo chimene chinandikwana m'chikhatho ngati kuti anachita kundiyeza. Ya ku Austria inali yopepuka, ndipo kachitsulo kake kowombera kankangofuna kuti chala chikakhudze pang'ono basi.

Mwini sitolo, bambo Rowland, mzungu wachikulire wosadziwa kufulumira, ankandiyang'ana atapinda manja. Anandiuza m'Chingerezi chake chokulungika cha ku Glasgow kuti yopepukayo imakondweretsa tsiku loyamba, koma imaulula kunjenjemera kulikonse kwa dzanja. Yolemerayo imatopetsa mkono, koma imakhululuka.

"Akuti chiyani agogowa?" anafunsa Malumbo.

"Akuti yolemerayi imakhululuka."

"Ndiye tengani yopepukayo. Inu alamu mwakhululuka mokwana."

Tinaseka mpaka bambo Rowland anasekerera nawo osadziwa kanthu.

Ine ndine Nelia, namwino, wochokera ku Dedza. Ndinabwera kuno ku Glasgow, m'dziko la Scotland, ndi mwamuna wanga Chakufwa wa ku Rumphi, ndipo tinakhala zaka khumi ndi chimodzi m'nyumba ya lendi ku Dennistoun. Kenako bamboyo anaona kuti mawu a mtsikana wina woyimba soprano m'kwaya akumveka bwino kuposa anga. Anatenga masutikesi awiri ndi kusamukira kwa iye, kundisiya ndi mwana wathu Tawina, amene panthawiyo anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Amayi ambiri a mumpingo anayamba kundipatsa moni wachangu, wa munthu amene wasiya mphika pamoto. Amene sanasinthe anali Malumbo, mlongo wake weniweni wa Chakufwa. Ankabwera ndi mandasi, ankamuluka Tawina tsitsi, ankanyoza mchimwene wake kuposa mmene ine ndinkamunyozera. Ndinkamukonda mkazi ameneyu, ndipo sindichita manyazi kunena.

Za mfutizi zinayamba ndi mnzanga wa kuntchito, amene anatopa kundiona ndikulira m'chipinda chosinthira zovala. Ananditengera ku kalabu ina imene anthu amawombera mapepala. Umaima mamita khumi kuchokera pa chandamale, umakweza dzanja limodzi, umapuma, ndipo kachipolopolo kochepa ngati njere ya mapira kamakaboola pepala. Basi. Kulibe magazi, kulibe phokoso lenileni. Mfuti za m'manja zenizeni kuno sagulitsa n'komwe. Koma kwa ola limodzi lija mutu wanga unkakhala zii, chifukwa ukangoganiza za mwamuna ndi mtsikana wa m'kwaya, kachipolopolo kamapita kutchire. Nditabwereka mfuti za kalabu kwa chaka chathunthu, mphunzitsi anati nthawi yakwana yoti ndikhale ndi yangayanga. Ndinalemba mafomu, apolisi anabwera kudzaona kabati yokhoma imene ndinagula, anandipatsa chiphaso. Chimene chinatsala chinali kusankha, ndipo m'mwezi wa Meyi ndinapempha Malumbo kuti andiperekeze.

"Gwirani inayo tsopano," anatero. "Mukafika kunyumba mukaziyerekeze bwino pa foni."

Ndinanyamula yopepuka ija, kuloza kukhoma kumene bambo Rowland anamata chandamale.

"Koma alamu, ndiuzeni zoona. Mukamayang'ana kakuda kali pakatiko, mumaona nkhope ya ndani?"

Amene anakulira kwathu amadziwa mmene chilamu chimakhalira. Mlamu ndi munthu amene umatukwanizana naye pamaliro anthu n'kumaseka. Malumbo ankandiitana kuti mkazi wa ng'ombe zitatu, ine ndinkamuuza kuti kwawo amadya nthochi ngati anyani. Funso lotere ukaliyankha mwaulemu, ndiye kuti wamunyoza.

"Ndimaona achimwene anu," ndinatero. "Pamphumi penipeni, pamene payambira dazi. Ndikamaliza ndimapita kwa woyimba soprano uja."

"Hii! Simuphonya?"

"Ine? Funsani kukalabu. Pa khumi, zisanu ndi zinayi zimalowa."

Malumbo anaseka mpaka kugwira kauntala, foni ili chilozere. Ndinasankha yolemera ija, chifukwa dzanja langa linali litaikonda kale mutu usanavomere. Bambo Rowland anati aidzasinthe chogwirira pang'ono, ndidzaitenge pakatha milungu iwiri. Potuluka tinagula tchipisi, tinadyera pa siteji ya basi mvula ikuwaza, ndipo ndinamuuza Malumbo kuti sindinasangalalepo chonchi chichokereni Chakufwa. Akuluakulu amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ine ndinali mbuzi yonenepa tsiku limenelo.

Patapita masiku khumi, bambo Japhet anandiimbira. Iwo ndi mkulu wa mpingo wathu, ndipo poti kuno tilibe amalume, ndi amene ankaimira ngati nkhoswe ya ku banja la Chakufwa. Anati pali nkhani yofunika kukambirana Loweruka masana m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi. Ndinaganiza kuti ndi za masiku amene Tawina azikacheza kwa bambo ake. Nditamuuza Malumbo, iye anati, "Mwanayo mundisiyire ine, asakamve za akuluakulu." Ndinamuthokoza. Inde, ndinathokoza ndithu, ndipo ndinakamutula ndekha mwanayo kwa Malumbo ku Gorbals m'mawa wa Lowerukalo.

M'chipindamo munali mipando inayi ndi fungo la tiyi wozizira. Chakufwa anali atavala jekete la maliro, maso ali pansi ngati munthu wolakwiridwa. Pambali panga panakhala mayi Winifred, a chigwirizano cha amayi, amene ankaimira mbali yanga. Sanandiyang'ane pondipatsa moni.

Bambo Japhet anapemphera nthawi yaitali. Atati ameni, anatulutsa foni ndi kuiika pakati pa tebulo.

"Mayi a Tawina, tisanalankhule, tamverani ichi."

Ndinadziona ndekha. Sichinali chithunzi ayi, inali vidiyo. Ndinali nditaima, diso limodzi lotsinzina, mfuti ili m'dzanja. Funso la Malumbo munalibe. Kuseka kwake munalibenso. Munangotsala mawu anga, omveka bwino ngati a pa wailesi: achimwene anu, pamphumi penipeni, ndikamaliza ndimapita kwa woyimba soprano uja. Pansi pake wina anali atalembapo Chingerezi, mzere ndi mzere, kuti ngakhale mzungu asavutike kumva.

Ndinaloza foniyo.

"Imeneyo ndi mfuti ya mpweya," ndinatero. "Timawombera mapepala. Chiphaso ndili nacho, apolisi anabwera okha kunyumba."

"Mfuti ndi mfuti, mayi," anatero bambo Japhet. "Kwathu munaonapo mzimayi wa mpingo akukagula mfuti?"

"Zinali nthabwala za pachilamu! Mayi Winifred, inu simuseka ndi alamu anu?"

Mayi Winifred anakonza duku lawo limene linali lokhala bwino kale. "Timaseka, mwanangu. Koma osati chida chili m'manja."

Apa Chakufwa anadzutsa mutu. Mawu ake anali ofewa, a munthu amene wayeserera pagalasi.

"Ine sindikufuna kuwaonongera ntchito amayi a Tawinawa. Vidiyoyi ikafika kupolisi kapena ku bungwe la anamwino, inu mukudziwa mmene dziko lino lilili. Safunsa kuti chilamu n'chiyani. Ine ndikungopempha kuti mwana akhale kaye kwa ine, pamalo otetezeka, mpaka mitima itakhala pansi. Sukulu ili pafupi ndi kwathu, malo alipo."

"Malo alipo? Mwafunsa liti?"

Bambo Japhet ndi amene anatsokomola n'kuwonjezera kuti, pajatu mwambo ukunenanso, malowolo anaperekedwa. Zinali zoona. Ng'ombe zitatu zinapita kwa amalume anga ku Dedza, amene anazilandira ngati mphatso ya mkamwini waulemu. Kwawo ku Rumphi malowolo akaperekedwa mwana ndi wa bambo, koma kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo amalume sanaganizepo kuti akusinthanitsa mbumba yawo ndi nyama. Kwa zaka zonsezi nkhani imeneyi tinkaiseka. Tsiku limenelo palibe anaseka.

Anandipatsa sabata imodzi kuti ndiganize. Ndisaine pepala lovomera kuti Tawina azikhala kwa bambo ake, kapena vidiyo ipite kumene ikupita.

"Anakupatsani ndani?" ndinafunsa, ngakhale kuti m'sitolo muja tinalimo anthu atatu okha, ndipo bambo Rowland sadziwa kumasulira Chichewa.

"Zimenezo sizofunika," anatero Chakufwa.

Ndinatuluka osadikira pemphero lotsekera. M'basi yopita ku Gorbals ndinali ndikumupangirabe Malumbo zifukwa, ndipo izi ndi zimene zimandipsetsa mtima mpaka lero. Mwina anatumiza vidiyoyo mwangozi. Mwina mchimwene wake anamubera foni. Mwina anaionetsa kuti aseke, mwamunayo n'kuidula yekha. Tikuwoloka mtsinje wa Clyde ndinali nditakonza kale mawu omukhululukira. Ndinkadziwa kuti chibale ndi fupa, sichiola, koma ndinkadziyesa kuti nanenso ndinalowa m'fupamo. Ndi Malumbo amene anandigwira dzanja kuchipatala tsiku limene Tawina anabadwa, Chakufwa ali pa shifiti. Munthu wotere ungamuganizire chiyani?

Chitseko cha fulati yake chinali chosakhoma. Ndinalowa osagogoda, monga ndinkachitira nthawi zonse. Pawailesi pankamveka nyimbo ya kwaya ya Chitumbuka, ndipo m'nyumba munkanunkhira nsalu yositidwa kumene.

Tawina anali ataimirira pa mpando pakati pa balaza, manja atatambasula. Anali atavala juzi yofiirira yokhala ndi baji pachifuwa, ndi siketi yotuwa yomufika pansi pa mawondo. Kusukulu ya Tawina ku Dennistoun amavala zabuluu. Malumbo anali atagwada pa kapeti, mapini ali ndandanda pakamwa, akupinda mpendero wa siketiyo.

"Mum!" anakuwa mwanayo, n'kupitiriza m'Chingerezi chake chothamanga chija, chimene agogo ake pa foni samva ngakhale liwu limodzi. Anati ndione yunifolomu ya sukulu yatsopano. Anati ili pafupi ndi kwa adadi, ndipo ili ndi dziwe losambira. Anati anti Malumbo anamuuza kuti chikhale chinsinsi, adzandidzidzimutse.

"Anakuuza liti, mwanangu?" ndinafunsa. Mawu anga anatuluka bwinobwino, ndinadabwa.

Anawerenga pa zala. Anati kalekale, Isitala isanafike, tsiku limene anti anamuyeza ndi tepi. Anati juziyo inabwera yaikulu, anti anaibweza, iyi ndi yachiwiri.

Isitala inali mu Epulo. Kusitolo kwa bambo Rowland tinapita mu Meyi. Pamene ine ndinkayeza mfuti ziwiri m'dzanja, kudandaula kuti yabwino ndi iti, mnzanga anali atasankha kale zake, mtundu ndi saizi yomwe.

"Malumbo," ndinatero. Kanali koyamba kumutchula dzina lokha popanda ulemu uliwonse. "Ndiyang'ane."

Sanandiyang'ane. Anabaya pini ina mumpendero, n'kusalaza nsaluyo ndi chikhatho.

"Ndinalira pa phewa lako. Unadya m'nyumba mwanga. Funso lija unandifunsa ndiwe, ndipo unaseka. Kuseka kuja kunali kwa chiyani?"

Tawina anatsitsa manja pang'onopang'ono. Chichewa amachimva ndithu, makamaka chikakhala cha mkwiyo. Anayang'ana ine, anayang'ana azakhali ake.

"Tsika, tizipita kwathu," ndinamuuza. "Vula zimenezo."

Ndinasendera kuti ndimunyamule pa mpandopo. Apo m'pamene Malumbo anadzutsa nkhope. Maso ake anali ouma, opanda manyazi ndiponso opanda chidani, maso a munthu amene ali pakati pa ntchito ndipo wasokonezedwa. Anachotsa mapini pakamwa imodziimodzi, n'kuwasanja bwinobwino pa mkono wa sofa. Dzanja lake lina linali litagwirabe mpendero wa siketi ya mwana wanga.

"Pang'onopang'ono, alamu," anatero ndi mawu aja ankandipatsira mandasi. "Musamukoke, mungamubayitse mwana wathu."