Kuseka kwa M'kachipinda ka Guluu

Wokonza nsapato wina mphuno zake zinafa kalekale. Munthu woti wakhala akutsegula zitini za guluu kuyambira ali mnyamata, ngakhale mumuikire khoswe woola m'thumba la malaya sangamve kanthu. Kunyumba kwake chilichonse chinkanunkha guluu, mabulangete, sopo, mphaka yemwe.

Tsiku lina anapeza mzime wake, mnyamata wa kusekondale, ali kuseri kwa shopu atatsamiritsa mutu paphewa pa mnyamata mnzake amene ankamutcha Magalasi, atagwirana manja. Bamboyo sanafunse zambiri. Anathamangitsa Magalasi ndi hamala, mzimeyo n'kumusiyitsa sukulu. Anamuika m'kachipinda ka kuseri, kopanda windo, kuti azimata nsapato mpaka mutu uwongoke.

Ndipo zinaoneka ngati zatheka. Mwanayo anasiya kulira, anasiyanso kuyankha, m'mawa n'kumalowamo yekha osamukankha. Zitini zikamatha msanga, bamboyo ankachita kunyadira.

"Mwana uyu akununkha guluu mpaka m'kamwa," anatero mkazi wake.

"Nanga umafuna azinunkha perefyumu? Ndi fungo la ntchito limenelo."

Chimene chinamusowetsa mtendere chinali kuseka. Masanasana, iye akusoka kutsogolo kwa shopu, ankamva mwanayo akucheza kuseriko, n'kumadukiza ngati akudikira yankho, kenako n'kuseka. Akatsegula chitseko ankangopeza mwanayo ndi nsapato za eni ake basi. Bambo wamkulu ndevu pepeya anayamba kuopa chitseko chake chomwe, moti ankakweza wailesi kuti asamve.

Masana ena kusekako kunatalika, kenako kunangoti zii. Anamupeza ali thapsa pansi, kapepala ka pulasitiki kopaka guluu kali pamphuno, milomo ili zilonda zokhazokha. Pomunyamula anadabwa kupepuka kwake.

"Bwanji zimenezi, mwana wanga?"

"Ndikakoka amabwera," anatero mwanayo, lilime likulemera. "Amakhala pampando uwo."

Kuchipatala moyo anaupulumutsa, koma za mutu adokotala sanalonjeze kanthu. Mwanayo ankangoyang'ana kukhomo la wodi, osazindikira ngakhale mayi ake. Bamboyo anameza manyazi, nauyamba wa kwa makolo a Magalasi, chipewa chili m'manja, kukapempha kuti mnyamatayo adzangoonekera kamodzi kokha.

Mayi ake a Magalasi sanamupatse ndi mpando womwe.

"Si inu munabwera pano kudzatiuza zonse, achimwene? Bambo ake anamuthamangitsa tsiku lomwelo. Ngati mukudziwa kumene ali, ndiuzeni inuyo."

Anabwerera kuchipatala yekha. Atangolowa m'wodi, nkhope ya mwanayo inawala mmene inali isanawalirepo chiyambire kumata nsapato.

"Magalasi? Wabwera?" Mwanayo anatambasula dzanja, akuyang'ana uku ndi uku mwamantha. "Bambo sanakuone?"

Wokonza nsapatoyo anakhala m'mphepete mwa bedi. Anagwira dzanja la mwana wakeyo, n'kutsitsa mawu.

"Ndabwera," anatero. "Sanandione."