Tabuleti Isanyowe

Latifu anabadwira pa boma la Nkhotakota, kufupi ndi doko, koma madzi ankawaopa ngati mphaka. Bambo ake anali a golosale, ndipo iye anakulira kuseri kwa kauntala akuyeza shuga pamene anzake ankaphunzira kusambira. Manthawa ankawabisa. Munthu wa ku Nkhotakota kuvomera kuti amaopa bwato, ndiye kuti wawapatsa anthu choseka mpaka tsiku la maliro ake.

Tsoka lake, ntchito imene anaipeza inali ya bungwe lina loyendera alimi a mpunga, ndipo minda imene anapatsidwa inali tsidya lina la dziwe la Chia, kumene msewu umaduka madzi akachuluka. Zaka ziwiri zathunthu Latifu sanawolokeko. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi mlatho wa pa Chia, n'kumafunsa alimi obwera kumsika kuti mpunga uli bwanji, kenako n'kulemba m'mafomu ngati wauona ndi maso ake. Pepala silifunsa kumene walilembera.

Kumayambiriro kwa Juni bwana wake, a Tedson, anamuitana mu ofesi. Patebulo panali matabuleti awiri, timakompyuta ta m'manja.

"Za mapepala zatha, a Latifu," anatero a Tedson. "Munda uliwonse muziujambula ndi ichi. Chimatiuza pamene mwaima, ndipo ife kuno tiziona kadontho kanu kakuyenda pa mapu. Sankhani imodzi."

Yoyamba inali yonenepa, yokutidwa ndi labala wa olenji, ya lamba wokoleka m'khosi. A Tedson anati imeneyo ngakhale itagwera m'madzi imatuluka ili moyo. Yachiwiri inali yakuda, yopyapyala ngati kope la mwana wa sukulu, yopepuka moti munthu ukhoza kuiwala kuti wainyamula. Imeneyo inali ya anthu oyenda m'misonkhano ya ku Lilongwe, ndipo ikangolawa madzi, yatha.

Latifu anaitembenuza yopyapyalayo uku ndi uku ngati munthu wodziwa zinthu. Anati iye amayenda kwambiri pa minibasi, ndipo chinthu chokwana mu envelopu sichikopa maso a mbava. Anatinso mu ofesi imaoneka bwino.

"Inu ntchito yanu ndi ya m'madzi," anatero a Tedson. "Wakutsina khutu ndi mnansi. Ikawonongeka, akuluakulu adzafuna kudziwa kuti inali kuti, nthawi yanji, m'manja mwa yani."

Latifu anasainira yopyapyalayo. Chifukwa chenicheni sanachitchule. Ya olenji ija munthu akanaiona ali kutali, n'kuonanso amene waikoleka m'khosi. Yakudayi inkabisika bwinobwino m'kati mwa malaya a munthu wina.

Munthu winayo anali Amiri, msuweni wake, msodzi wa pa Chia amene banja lake linkakhala pa boma, nyumba zitatu kuchokera kwa Latifu. Ndi iye yekha amene ankadziwa za mantha aja, ndipo ankamutcha Latifu "bwana wa pamtunda". Anakumana m'mabango, kumunsi kwa mlatho, kumene kulibe anthu. Latifu anamuonetsa podina pojambula, anaikulunga tabuleti m'majumbo awiri, n'kumuveka chipewa chobiriwira cha ofesi kuti alimi oonera patali aziti mlangizi wafika.

"Isanyowe," anatero Latifu. "Kaya pachitike chiyani, isanyowe. Ikanyowa, ine ndatha."

"Ine ndinabadwira m'madzi, msuweni," anayankha Amiri akuseka. "Malaya anganyowe, koma kachitsulo kakoka ayi."

Masabata atatu zinayenda bwino. Lachinayi lililonse kadontho kankawoloka Chia, n'kuzungulira m'minda, n'kubwerera, ndipo madzulo Amiri ankabweretsa tabuleti kunyumba ili gwa. A Tedson anafika pomuyamikira Latifu pamaso pa anzake. Latifuyo masiku amenewo ankakwera minibasi n'kupitirira mpaka ku Benga, kumene ankathimitsa foni n'kukhala kuseri kwa shopu ya telala wina, akusewera bawo.

Lachinayi la sabata yachinayi mphepo ya mwera inayamba m'mawa. Mabango ankagona n'kudzuka, ndipo madzi a Chia anali otuwa, a thovu pamwamba. Amiri anawayang'ana nthawi yaitali osaseka.

"Lero tikadasiya," anatero.

"A Tedson akudikira kadontho lero. Ndikawauza kuti chiyani, poti sabata yonse ndawauza kuti mphepo sindiiopa?"

Amiri analowetsa tabuleti m'malaya, anakanikiza chipewa pamutu, anati bismillah, n'kukankha bwato.

Ku Benga bawo sinamuyendere Latifu. Malata a shopu ankalira, fumbi linkalowa m'maenje a bawo, ndipo telala anamudya katatu konse mpaka kumufunsa ngati wadwala. Kawiri Latifu anatulutsa foni kuti aiyatse, koma anaopa kuti a Tedson angaimbe n'kumva phokoso la makina osokera m'malo mwa mafunde, choncho anaibwezera m'thumba.

Cha m'ma thili koloko anakwera minibasi yobwerera. Itafika pa Chia, pamlatho panali anthu ochuluka kuposa a tsiku la msika, onse atayang'ana kumadzi. Latifu anawerama ngati akumanga nsapato kuti alimi asamuone. Mayi wina wa beseni la nsomba anakwera n'kukhala pampando wa kutsogolo kwake.

"Kwagwanji?" anafunsa kondakitala.

"Wamira munthu. Mlangizi wa mpunga uja, wa pa boma. Bwato lagubuduzika pakati penipeni. Amayi amene amamweta mpunga tsidya lija amuona, ndipo chipewa chake chapezeka m'mabango. A ku ofesi kwawo afika, akuti makina awo azimira pomwepo."

"Sanasambire?"

"Akanasambira bwanji ndi dzanja limodzi? Akuti lina analikweza m'mwamba, atagwira kanthu kakuda. Mutu ukumira, kutuluka, kumira, koma dzanjalo lili m'mwamba. Ndi mmene tadziwira kuti ndi wa muofesi. Msodzi akanataya chinthucho n'kudzipulumutsa."

Anthu m'minibasi anapukusa mitu. Wina anati anthu ophunzira nzeru zawo n'zapapepala. Latifu anakhala chowerama mpaka pa boma, fungo la nsomba lili m'mphuno.

Kulira anakumva asanakhote pa mzikiti. Pakhomo pake amuna anali atakhala pamikeka panja, a shehe ali pakati, ndipo a Tedson anaima pambali atagwira chipewa chobiriwira chonyowa. Woyamba kumuona anangoimirira, kenako wachiwiri, kenako onse. Latifu anadutsa pakati pawo, nsapato zake zili mbuu ndi fumbi la ku Benga, ndipo anaona a Tedson akuziyang'ana.

M'nyumba mkazi wake Madina anali pansi, mpango utagwa, mutu uli pamiyendo ya mayi wina amene ankamusisita msana. Mayiyo anali Laila, mkazi wa Amiri. Madina atakweza maso anakuwa kamodzi, n'kukwawa kudzagwira miyendo ya mwamuna wake.

Laila anaimirira misozi ikutsika, koma nkhope yake itawala ndi chimwemwe.

"Alhamdulillah, alamu," anatero. "Mwatiliza masana onse. Alhamdulillah."

Latifu anacheuka. Kumbuyo kwake a Tedson anali atafika pakhomo ndi chipewa chija, ndipo madzi ake ankadontha pasimenti.

Laila anapukuta maso ndi nsonga ya mpango, anatulutsa foni yake yaing'ono n'kuipereka kwa Latifu.

"Tayesani inu kuwaimbira asuweni anu," anatero. "Ine ndayesa kuyambira masana, sikulowa. Ndikuwadziwa, ali pamadzipo ndi anzawo kukufunani, ndipo sangatuluke asanakupezeni. Auzeni kuti mwafika, abwere kunyumba."

Latifu anailandira foniyo. Dzina la Amiri linali kale pagalasi, ndipo Laila anaima pafupi, akudikira kuti adine.