Mtanga wa a Consolata pa Sondo la Masika

Dzuwa lisanawombe bwino pamapili a Kacholola, a Consolata Mwanza anali atavala kale chitenge chao chatsopano. Mtanga wa nthochi zonona za m'dimba mwao unali pakhomo. Linali Sondo la masika, ndipo kwa zaka zambili ndiwo ankatsogolela azimai popeleka mtulo kuguwa, mtanga pamutu, nyimbo pakamwa. Koma chaka chatha anagwa pakati pa chalichi, nthochi mbwee! Azimai anagwilizana kuti zikachitikanso lelo, malowo apatsidwe wina.

Atagwa paja, mwana wao Josphat anawatengela ku Lusaka kukajambulitsa mutu. Adokotala analoza timadontho pachithunzi.

"Amai, mkati mwa ubongo muli timinyewa toyela tonyamula uthenga, ngati mawaya a magetsi. Ukalamba ndi bipi, kuthamanga kwa magazi kuja, zawononga timinyewato pang'ono. Mukayamba kukamba, uthenga wopita kumiyendo umachedwa. Muzimwa mankhwala, muziyenda tsiku lililonse, koma poyenda musamakambe."

Apo ndiye panali nkhani, pakuti a Consolata chibadwile sanapitililepo munthu osamupatsa moni. Tsopano akangoti "Mwauka bwanji?" ali paulendo, mapazi ankamatilila pansi ngati aponda ulimbo.

Mlamu wao, a Keziah, anafika ali wefuwefu, duku lili pambali.

"Mulamu, ndapeza nzelu! Lelo pakamwa panu ndine. Inu yanu ndi miyendo cabe."

"Iwe Keziah, ndi mau ako a khwangwalawo undiimbile ine?"

"Khwangwala sagwa m'chalichi. Senzani, tiyeni!"

Nthawi ya mtulo itakwana, ng'oma zinalila mpaka malata kunjenjemela. A Consolata anasenza mtanga, maso paguwa, milomo yotseka. Phazi ili, phazi ilo. Pambali pao a Keziah ankaimba mokuwa, mau a anthu awili. Mtima wa a Consolata unali phaphapha ndi chimwemwe. Miyendo ikumvela! Anapitilila ngakhale pamalo paja anagwela.

Mwadzidzidzi kumabenchi kunachoka mau.

"Amake Josphat! Mukali moyo, anzanga?"

Anali a Lillian, mnzao wa paubwana amene anakwatiwa ku Petauke, osaonana zaka ndi zaka. Moni unakwela wokha kukhosi kwa a Consolata. Milomo inatseguka, phazi lamanzele linakana kunyamuka, mtanga unapendekeka. Azimai akumbuyo anasiya kuimba.

"Ali bwino!" anakuwa a Keziah. "Ana ali bwino, mbuzi zili bwino, zinazo mukamba pambuyo! Mulamu, phazi!"

A Consolata anameza moni uja ngati mbatata yotentha. Anayang'ana phazi lao, nalilamula mumtima kuti nyamuka. Linanyamuka. Linzake linatsatila, kwaya inakweza nyimbo, ndipo a Consolata sanaimenso mpaka abambo mfumu atalandila mtanga ndi manja awili.

Pamenepo anaponda mapazi onse awili pansi zolimba, nagwila phewa la mlamu wao. Nthungululu imene anaimba inadzutsa ndi makanda omwe kumbuyo. Kenaka anatembenuka pang'onopang'ono, ali chiimile pomwepo paguwa, nakweza dzanja.

"A Lillian! Mwabwela liti? Nanga kunyumba mwasiya bwanji?"

"Mulamu, Misa ikali pakati!" ananong'oneza a Keziah, misozi ya kuseka ili mbwembwembwe.

"Leka, iwe. Manje ndaima, ndiyenela kukamba."